Azakhali Keziya ndi Mapiko a M'pepala

Amene anayendapo pa basi pakati pa Harare ndi Mutare m'zaka za m'ma 1990 angakumbukire mayi wamfupi wa duku loyera, amene ankaima pa Macheke atanyamula dengu la timaphukusi takhaki tofunda. Mayiyo anali azakhali anga, Keziya Nambewe, mlongo wawo wa bambo anga. Nkhani ya mmene anayambira ntchito imeneyo yafotokozedwa kambirimbiri pa maukwati ndi pa maliro, ndipo wofotokoza aliyense amathiramo mchere wake. Ena amati maphikidwewo anachita kuwalota. Ena amati mzungu wina wa hotela anawagwadira kuti amuphunzitse. Zonsezo n'zopeka. Zimene ndalemba pano ndinazimva kwa azakhali eni ake, kwa amuna awo, ndi kwa munthu amene anawalemba ntchito, ndipo pamene atatuwa anasiyana mawu, ndanena.

Azakhali anabadwa m'chaka cha 1944 mu komboni ya pulazi ya fodya, mtunda wa maola awiri wapansi kuchokera pa Macheke. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzera ku Tete, ndipo sanabwererenso. Azakhali analowa m'shedi yosankhira fodya ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kumeneko anadziwika ndi zala ndi mphuno: ankatha kulekanitsa masamba awiri amene kapitawo ankalumbira kuti ndi amodzimodzi, ndipo mzungu akabwera kudzaweruza, kawirikawiri wolakwa ankakhala kapitawo. Anakwatiwa ndi a Jameson Chisale, woyendetsa lole ya pa pulazipo, munthu wamtali wokonda kuseka asanamalize nthabwala yake. Mwana wawo mmodzi yekha amene anakula, Masozi, anakwatiwa ku Selous, mu komboni inanso.

Nyumba yawo inali ya njerwa, ya zipinda ziwiri, yabwino koposa zambiri za mu komboni. Koma inali nyumba ya dalaivala, osati ya a Chisale. Kusiyana kumeneku kunaonekera m'chaka cha 1993, pamene ng'ala inayamba kuphimba maso a a Chisale. Atagunda nsanamira ya pageti kachiwiri, mwini pulazi anawaitana. Sanawakalipire. Anangowauza kuti amalize kututa mabelo a chaka chimenecho kupita nawo ku okushoni, ndipo mvula isanagwe m'nyumbayo mulowe dalaivala watsopano. Anzawo achishona akakalamba ankapita kumusha, kumudzi kwawo. A Chisale ndi azakhali analibe kumusha. Ku Dedza ankangokumva m'nyimbo za maliro.

Mwezi wa Julaye a Chisale anabwera ndi nkhani. Pa Macheke, m'mbali mwa msewu waukulu, panali malo otchedwa Pamuhacha: mbali imodzi bawa, momwera mowa, mbali ina chipinda chodyera ndi khichini. Mwini wake, a William Marimo, amene kale anali mphunzitsi, ankafuna wophika watsopano kumapeto kwa Seputembala, ndipo wophikayo ankapatsidwa chipinda kuseri kwa khichini. Mayeso anali amodzi okha: mapiko a nkhuku. Makasitomala awo ankawathawa n'kupita kukamwera ku Marondera chifukwa cha mapiko, ndipo a Marimo anatopa nazo.

"Mapiko?" anafunsa azakhali. "Aja timapatsa ana kuti asalire?"

"Omwewo, Nambewe. M'tauni amadya ndi mabwana a mataye."

"Ndiye ntchafu amapatsa ndani?"

"Zimenezo sindinafunse."

Vuto linali lakuti azakhali anali asanadyepo m'nyumba yogulitsa chakudya chibadwire. Anali mayi wa Mvano, ndipo mayi wa Mvano sakanaponda m'bawa. Komanso shedi inkawafuna masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Choncho anagwirizana kuti a Chisale akhale miyendo, azakhali akhale lilime. Lole inkapita ku Harare kawiri pa sabata ndi mabelo, ku Marondera kukatenga feteleza, ndipo nthawi zina ku Rusape. Paliponse pamene ankamva kuti pali mapiko otchuka, a Chisale ankaima, kugula mbale imodzi, kupempha kuti awakulungire m'pepala, n'kuika phukusilo pa chivundikiro cha injini m'kati mwa lole, pofunda, ataliphimba ndi jekete. Popeza maso anali atayamba kale kuwavuta, ankayendetsa pang'onopang'ono. Phukusi lochokera ku Harare linkafika pa pulazi litayenda maola atatu.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, azakhali ankakhala pakhonde, kusamba m'manja, n'kutsegula phukusi monga mmene ankatsegulira mtolo wa fodya. Ankayamba ndi kununkhiza, kenaka kukanikiza ndi chala, kenaka kulawa, ndipo chigamulo sichinkachedwa. Mapiko a ku Ruwa anati mafuta ake anali atakazingirapo nsomba. A ku Mbare anati wophika wake anakwiyira munthu wina ndipo mkwiyowo anaupungulira m'mchere. A ku hotela ina ya ku Marondera, amene anali okutidwa ndi ufa, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Masozi, awa avala bulangete lonyowa. Mwati ndi omwe anthu amathawira kumeneko?"

"Omwewo. Pamakhala mzere."

"Anthu a m'tauni ali ndi mavuto amene sitiwadziwa."

Pali mfundo imodzi imene ndinaifufuza mosamala, chifukwa zonse zotsatira zikudalira pa iyo. Mbale ya mapiko m'malo onsewo inkakhala ya mapiko asanu ndi limodzi, koma kunyumba ankafika asanu. Azakhali anaona zimenezi tsiku loyamba lomwe, ndipo anafunsa ngati nkhuku za m'tauni zina zimabadwa ndi phiko limodzi. A Chisale anakana kwa zaka zambiri. Anadzaulula kwa ine atakalamba kuti ankadyadi limodzi, koma osati m'bawa, chifukwa kumeneko ankachita manyazi kudya chinthu chimene anatumidwa. Ankapirira njira yonse, fungo likuwazunza, mpaka pageti la pulazi, pamene mtima unkawathera. Ndiye kuti mwa anthu awiriwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene analawapo phiko la m'bawa likadali lotentha.

Mapiko abwino koposa onse anachokera ku Headlands, pa kabawa kakang'ono kamene wophika wake anali Simao, mwamuna wa ku Tete. Azakhali atalawa anadya lachiwiri, chinthu chimene anali asanachitepo. Anali ofewa, a mandimu ndi adyo, tsabola wake wolowerera mpaka pa fupa. A Chisale anabwererako kukafunsa chinsinsi, ndipo Simao, pomva munthu akulankhula Chinyanja, anawauza zonse mosabisa: mandimu, adyo, tsabola wa piripiri, mchere, kuviika, kukazinga.

Pulazi yoyandikana ndi yawo inkaweta nkhuku ndipo Lachisanu inkagulitsa mapiko m'matumba. Azakhali anagula, natsatira malangizo a Simao mwatsatanetsatane. Koma mapiko awo atawaphula anali ena: khungu louma, lolira m'mano ngati chiwala chokazinga, tsabola ali pamwamba pokha. Anayesa katatu, ndipo katatu konse anatuluka chimodzimodzi.

Apa m'pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa mwanzeru. Aliyense wogwira fodya amadziwa kuti tsamba likatuluka m'balani mowotchera silinathe. Limakhala louma, lophwanyika ukaligwira, ndipo liyenera kuyamba lapita m'chipinda cha nthunzi kuti lifewe, mtundu wake ndi fungo lake zikhazikike. Munthu amene wagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu ndi zisanu akaona chinthu chouma chimene chimayenera kukhala chofewa, sakayikira chimene chasowa.

"Wa ku Tete uja wakubisirani gawo lomaliza," anatero azakhali. "Mapiko akachoka pamoto amayenera kupuma."

"Koma anaoneka munthu woona mtima."

"Woona mtima ali ndi ana oti adyetse."

Kwa masabata asanu ndi limodzi azakhali anaphunzira kupumitsa mapiko. Anapeza kuti ufa suyenera kuyandikira n'komwe. Anapeza kuti akayamba awawamba pa makala, n'kuwakazinga pang'ono pambuyo pake, mafuta sakhala ambiri, ndipo akawasiya adonthe pa waya asanawakulunge, pepala silinyowa. Madzi a mandimu ena anayamba kuwasunga kuti awafinyire pomaliza. Pokulunga ankagwiritsa ntchito pepala lakhaki latsopano, lokulungira mabelo, limene kapitawo anawapatsa ndi chilolezo cha mzungu, ndipo maphukusiwo ankawaika mumphika wouma wokwiriridwa m'phulusa lofunda kwa ola lathunthu. Pofika pakati pa Seputembala anaika phukusi lawo pambali pa la Simao, n'kuitana akazi anayi a m'shedi kuti alawe osadziwa la ndani. Onse anayi analoza la azakhali.

Panatsala mpingo. Akulu a mpingo wa pa komboni anakambirana nkhaniyi Lamlungu awiri. Mmodzi mwa iwo, a Saulos, anatumidwa pa njinga kukaona malowo, ndipo anabwera ndi umboni wakuti pakati pa khichini ndi bawa pali khoma la njerwa ziwiri ndi chitseko chimodzi. Chigamulo chinali chakuti khichini si bawa, malinga ngati azakhali sadzadutsa pa chitseko chimenecho, koma azilowa ndi kutuluka cha kunja, mozungulira.

Mayeso anachitika Loweruka lomaliza la Seputembala, masana. Opikisana anali awiri okha: azakhali, ndi a Gray, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu amene anaphunzira kuphika pa hotela ku Marondera ndipo anabwera ndi chipewa chake choyera chachitali. Aliyense anapatsidwa thumba la mapiko ndi theka la chitofu cha malasha. Oweruza anali a Marimo ndi makasitomala awo asanu okhulupirika, amene anakhala m'chipinda chodyera. A Chisale anaima pa zenera la khichini cha kunja, chipewa chili m'manja.

Azakhali anamaliza msanga. Anakulunga mapiko awo m'timaphukusi khumi ndi tiwiri, natiika m'kabati yofunda ya pansi pa uvuni, natseka. Kenaka anakhala pa mpando, napinda manja.

A Marimo analowa akusisita m'manja. "Ambuya, fungo lafika kale kwa ife. Mapiko ali kuti?"

"Akupuma, bambo."

"Akutani?"

"Akupuma. Mubwere ikamakwana hafu pasiti wanu."

A Marimo anayang'ana a Gray, a Gray anayang'ana kudenga. Nkhaniyo itafika m'chipinda chodyera kunabuka phwete, ndipo wina anafuula kufunsa ngati mapikowo awayalira mphasa. Azakhali sanatekeseke. Anali otsimikiza kuti anthuwo akuseka pofuna kubisa chinsinsi cha ntchito yawo kwa mlendo.

Nthawi yomweyo a Gray anaphula awo, nathamanga nawo akali kulira m'mbale. Kuchokera kuchipinda chodyera kunamveka kukukuta ndi kuyamikira. A Gray, amene sanali munthu woipa, anabwerera ndi phiko limodzi pa kambale.

"Lawani, amai. Lotentha, mmene anthu amalifunira."

Azakhali analuma. Khungu linalira m'mano ngati chiwala chokazinga, ndendende ngati mapiko awo oyamba aja amene anawayesa olakwika. Anatafuna pang'onopang'ono, nameza, natembenukira ku zenera.

"Bambo a Masozi."

"Wawa."

"Ku Headlands kuja, Simao akamakupatsani mapiko, ankakhala otani?"

A Chisale anazunguliza chipewa m'manja. "Otentha, Nambewe."

"Ouma chonchi?"

"Ankaoneka ngati ouma, inde."

"Ndiye wowapumitsa anali ndani?"

"Ndiye kuti inali lole," anatero a Chisale ndi mawu aang'ono.

Onse atatu amene ndinawafunsa anagwirizana pa chimene chinatsatira: azakhali anaseka. Anaseka mpaka anagwira chitofu n'kupsa chala, nasekabe, misozi ikutsika, akubwereza kuti, "Miyezi iwiri ndikuphunzira kwa injini!" A Gray nawo anaseka mpaka chipewa chinagwa. Koma kuseka kutatha, chipinda cha kuseri kwa khichini chinali cha a Gray. Oweruza anali atakhuta, ndipo palibe amene anafuna kudikira hafu pasiti wanu. A Marimo anawauza mwaulemu kuti atenge maphukusi awo akadye ndi a kunyumba.

Azakhali analongedza timaphukusi m'dengu. Njira yaifupi yopita kumene a Chisale anaimika lole inali yodzera m'bawa, koma chigamulo cha akulu a mpingo chinali chikadalipo, choncho anatuluka cha kuseri n'kuzungulira nyumbayo kudzera mbali ya kumsewu. Kumeneko kunali kutaima basi yochokera ku Harare, kondakitala akuthira madzi m'injini ndi kukuwa kuti mphindi zisanu zokha. Okwera anali atafunsa kale chakudya chotentha, n'kuuzidwa kuti kukazinga kumatenga mphindi makumi awiri. Fungo la adyo ndi mandimu linadutsa pansi pa mazenera.

"Ambuya! Muli ndi chiyani m'dengumo?" anafunsa mayi wina atatulutsa mutu.

"Mapiko olephera mayeso, mwanangu."

"Olephera omwewo, bweretsani!"

Dengu linatha basi isananyamuke, ndipo phukusi lomaliza anatenga dalaivala. Zimene anthuwo analipira azakhali anazipereka kwa a Marimo kudzera pa zenera la khichini, popeza mapiko anali awo, nakwera lole kubwerera ku komboni.

Pano mboni zanga zimasiyana. A Marimo ankati iwo anaona zonse ndipo anazindikira nthawi yomweyo kuti apeza chuma. A Chisale ankati a Marimo anali m'kati akuyesa chipewa cha a Gray. Ine ndimakhulupirira a Chisale, chifukwa munthu wozindikira nthawi yomweyo sadikira masiku asanu ndi atatu. Chimene chinawasuntha chinali dalaivala uja. Iye anadya phukusi lake atadutsa kale Rusape, nalipeza likadali lokoma, ndipo anayamba kuima Pamuhacha tsiku lililonse kufunsa mapiko a m'pepala. A Gray anayesa kumukulungira awo, koma pofika ku Headlands anali atalefuka n'kuzizira mafuta. Tsiku lachisanu ndi chiwiri dalaivalayo ananena kuti akapanda kuwapeza, basi yake iziima kwina, ndipo anzake awiri atsatira.

Lamlungu masana galimoto ya a Marimo inalowa mu komboni, ana akuithamangira. Azakhali anali atangochokera ku tchalitchi, akadali mu yunifolomu ya Mvano. Anawapatsa mpando pakhonde, nawafunsa za kunyumba mmodzimmodzi, osafulumira.

"Ambuya, ndabwera kudzakupatsani ntchito," anatero a Marimo pomaliza. "Gray aziphikira bawa, inu muziphikira mabasi."

"Zikomo, bambo. Nanga ndizichokera kuti?"

"Kunoko. Ndikupezerani njinga."

"Nyumba mwakhalapoyi, mvula ikagwa si yathunso. Ine sindinabwere kwanu kudzafuna ntchito yokha. Ntchito ndili nayo m'shedi. Ndinabwera kudzafuna chitseko."

A Marimo anakanda m'mutu. Chipinda anali atapereka kale, ndipo sakanamuchotsa munthu wopambana mayeso. Anatchula za nyumba ina yaing'ono kuseri, yosungiramo makireti a mabotolo.

"Ili ndi zenera?"

"Ayi."

"Muboole. Ili ndi loko?"

"Ili nayo, kiyi amasunga ndine."

"Azisunga ndine. Ndipo ndibwera ndi bambo awa."

A Marimo anayang'ana a Chisale, amene ankamwetulira cha kumbali pang'ono kwa pamene mlendoyo anakhala. "Asekuru adzagwira ntchito yanji?"

"Ine ndi amene ndinayambitsa maphikidwe amenewa," anatero a Chisale. "Funsani aliyense."

"Adzadula mapepala ndi kukulunga," anatero azakhali. "Zimenezo sizifuna maso. Komanso amawadziwa madalaivala onse a mumsewu uwu ndi maina a ana awo."

Anaitanitsa a Saulos kuti akhale mboni, ndipo a Marimo anabwereza mfundo zitatuzo pamaso pawo: zenera, kiyi, ndi a Chisale. A Saulos anawonjezera yachinayi, yakuti makireti onse atuluke, ngakhale opanda kanthu, chifukwa mayi wa Mvano sangagone ndi mabotolo a mowa.

Anasamuka Loweruka lomaliza la Okutobala. Mwini pulazi anabwereketsa lole, ndipo woyendetsa anali dalaivala watsopano. A Chisale anakhala pampando wa wokwera kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, akumudzudzula pa giya iliyonse kuyambira pageti mpaka pa Macheke. Azakhali anakhala kumbuyo pamwamba pa matiresi, atafungatira mphika wawo, akubayibitsa akazi a m'shedi amene anawaperekeza ndi nyimbo mpaka pa mlatho. Nyumbayo anaipeza itapakidwa laimu, zenera litabooledwa mokhota pang'ono, simenti yake isanaume.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku anayi, masana, yamphamvu. Denga linadontha pa ngodya imodzi. Azakhali anaikapo beseni, naima pakati pa chipinda akuyang'ana m'mwamba, nkhope ili ngwee.

"Bambo a Masozi, tengani ambulera," anatero. "Pitani mukawauze a Marimo kuti kwathu kukudontha."